Munthu Wina Anafunsa Komwe Ndimakhala

Lamulungu, 16 Juni

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani m'mawa. Ife kuno tilipo, ine ndi mdzukulu wanu. Kanyerere waguluka dzino lakutsogolo, ndiye aliyense amene wakumana naye akumamuonetsa mpatawo ngati wapambana mpikisano. Juzi imene munamulukira ija inafika bwinobwino mwezi watha. Mtundu wachikasuwo unamukhala kwabasi, ndipo timabatani ta abakha tija amatipatsa moni kamodzikamodzi asanavale. Zikomo kwambiri amayi, ndikudziwa kuti maso anu anavutika nayo ntchito imeneyi.

Mwina mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata m'malo moimba foni. Nambala ija ndinaisiya dala. Komanso pafoni inu mumayankhula, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka zimene ndimafuna kunena n'kubwerera nazo m'mimba. Lero ndikupempha kuti muvale magalasi anu aja, mukhale panokha, muwerenge mpaka kumapeto. Musapatse munthu wina kuti akuwerengereni.

Ndinakuuzani kuti ndinapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi, koma sindinakufotokozereni bwino. Si ana amene ndimaphunzitsa. Ndi anthu akuluakulu amene anasiyira sukulu panjira, ndipo amabwera akaweruka kuntchito kuti adzalembenso mayeso. Chipinda chathu chili pamwamba pa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Masitepe okwerera ndi opanikiza moti anthu awiri sangadutsane, khomo ndi limodzi lokha, ndipo mawindo ali ndi zitsulo. Pa ophunzira angawo alipo amakaniko, bambo wathupi amene desiki limadandaula akangolikhalira. Alipo atelala, achikulire ndithu, aulemu, amene pensulo yawo imasongoka ngati singano. Alipo mayi wa saluni, wapakamwa koma wamtima wabwino, ndi alonda a pageti la kachipatala ka mumsewu womwewu. Anthuwa ndinawazolowera ngati abale.

Kumayambiriro kwa mwezi uno tinafika pa phunziro limene limawazunguza mutu chaka chilichonse, lofotokozera wina funso limene iwe wafunsidwa. M'chinenero chathu n'zosavuta. Munthu akakufunsa panjira kuti "Ukupita kuti?", ukafika kunyumba umangoti wandifunsa kuti ukupita kuti, basi nkhani yatha. Chingerezi sichilola zimenezo. Funso ukalinyamula kupita nalo kwa munthu wina limasiya kukhala funso. Chizindikiro chofunsira chija chimachoka, mawu amasinthana malo, za lero zimasanduka zakale, ndipo pamene panali iwe pamabwera ine. Wina akafunsa kuti "Where do you work?", iwe pofotokoza uyenera kunena kuti "He asked me where I worked." Likakhala funso loyankhidwa ndi eya kapena ayi, umaikapo mawu akuti "if" kapena "whether".

Nditaona kuti zitsanzo za m'buku zikuwagonetsa tulo, ndinawauza kuti atseke mabuku, aliyense aimirire anene funso lenileni limene wafunsidwa sabata imeneyo.

Amakaniko anayamba: "My wife asked me where I had been."

"Nanga munayankha zoona?" anatero mayi wa saluni, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

Atelala anati, "The customer asked me if the dress was ready," kenako n'kuwonjezera chapansipansi kuti diresilo mpaka lero silinathe.

Ndiye anaimirira mayi wa saluni uja. "A man asked me where does our teacher live."

Amayi, ine ndinangomva cholakwika chokha. Ndi mmene uphunzitsi umalipangira khutu la munthu. Ndinalemba chiganizocho pabolodi, kufufuta "does", kusintha "live" kukhala "lived", n'kuuza kalasi yonse kuti ibwereze pamodzi. Anabwereza mokweza. Ndinati abwerezenso. Ndi pa kubwereza kwachiwiriko pamene tanthauzo lake linandilowa, kuti mwamuna wina anafunsa komwe aphunzitsi amakhala, ndipo aphunzitsiwo ndine.

"Chitsanzo chimenechi mwangopeka?" ndinafunsa.

"Ayi madamu, n'zenizeni. Anabwera kusaluni Loweruka, bambo wooneka bwino, wa nsapato zonyezimira. Mwayi wakugwerani madamu, ife tiyambe kusoketsa madiresi."

"Telala ndilipo," anatero atelala, anthu n'kusekanso.

Alonda aja anakweza mkono, nkhope ili ngwee chifukwa chakuti nawonso apeza chitsanzo. "He asked me whether you had a daughter." Kutanthauza kuti munthu yemweyo anawafunsa ngati ndili ndi mwana wamkazi. Chiganizocho chinali chokhoza, chopanda polakwika paliponse, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuwayamikira. Ndinasiya Chingerezi n'kuwafunsa kuti munthuyo ndi wotani.

"Wamtali, woyankhula motsitsa. Asanayambe mawu amatsokomola pang'ono, ndipo amazungulitsa makiyi pachala. Anandifunsanso ngati ndinaonapo kamtsikana kovala juzi yachikasu ya mabatani a abakha."

Amayi, mkamwini wanu sanamuonenso mwanayu chichokereni ife m'nyumba mwake, Kanyerere akadali woberekedwa kumbuyo. Juziyo yafika mwezi watha. Ndisiye kaye pamenepo.

Ndinauza kalasi kuti mutu wandigwira, tiweruke. Anthu akutsika, atelala anatsalira, chipewa chili m'manja. Anati munthuyo anafikanso kushopu kwawo, n'kunena kuti ndi mlongo wanga, foni yake inabedwa, ndipo amayi athu akudwala kwambiri.

"Ndinamuuza kuti mumatsikira pa sitolo ya mankhwala, ndiponso kuti mwana amapita kusukulu ya mkaka ya geti lobiriwira. Kodi ndalakwa, madamu?"

Sindikumbukira ngati ndinawayankha. Ndikukumbukira kuti masitepe aja ndinatsika ndikugwira khoma, mayi wa saluni akundithamangira kumbuyo, akufunsa kuti chachitika n'chiyani. Amakaniko anali asanalize galimoto yawo, ndipo atandiona nkhope anangotsegula chitseko. Kanyerere amatsala kusukulu ya mkaka ija ndi mayi woyang'anira mpaka ine nditaweruka. Njira yonse m'maganizo ndinkaona geti lija lili pululu, mayi uja akundiuza kuti bambo ake abwera kudzamutenga.

Ndinamupeza atakhala pakhonde, akundandalika zitsekerero za mabotolo. Ndinamukumbatira mpaka anati ndikumupweteka. Mayi woyang'anira anati masana panaima bambo wina pampanda, anafunsa nthawi imene ana amaweruka, koma iye sanaganize zoipa chifukwa anali waulemu kwambiri. M'galimoto Kanyerere anandikoka khutu.

"Amama, bambo wina anandifunsa ngati ndikumudziwa."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ayi. Ndiye anaseka, anati ndimudziwa posachedwa."

Kunyumba sitinapite. Mayi wa saluni anatitengera kwawo, kachipinda ka kuseri kwa saluniyo, konunkhira mafuta a tsitsi. Juzi ija ndinamuvula pomwepo n'kuibisa pansi pa chikwama, chifukwa imaonekera patali. Analira, amayi. M'mawa mwake amakaniko anapita kukaona kunyumba kwanga. Aneba anawauza kuti mlendo wathu anakhala pakhonde mpaka kunada. Chitseko sanathyole. Anangomangirira chidole pachogwirira n'kumapita.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinakuuzenipo, chifukwa nthawi zonse ndikayamba mumati mwamuna aliyense ali ndi mtima wake, ndipirire. Inu mumadziwa za mbama zija basi. Khutu lakumanzere limene ndinakuuzani kuti linatsekeka ndi matenda, si matenda ayi, anandimenyetsa mutu pafelemu la chitseko. Koma kumenyako sikumene ndinkaopa kwambiri. Ndinkaopa mafunso. Akabwera kuntchito ankandikhazika pabedi, iye n'kukhala pampando, makiyi a nyumba ali pachala. Unali kuti. Unayankhula ndi ndani. Bwanji unaseka pamene wogulitsa malasha anakupatsa moni. Sankakweza mawu. Ankabwereza funso lomwelo mofatsa mpaka yankho langa litasintha pang'ono, ndipo likangosintha ankaimirira. Tsiku limene ndinathawa, anali atanyamula mwanayu ndi mwendo umodzi pamwamba pa masitepe, mutu uli pansi, n'kundifunsa ngati ndikufunabe kubwerera kuntchito. Kwa inu ndinangoti tinakangana. Ndinachita manyazi, komanso ndinkaopa kuti mundiuza kuti ankangochita nthabwala.

N'chifukwa chake ndinakhala nthawi yaitali osauza aliyense komwe ndili. Chaka chatha mutalira pafoni kuti mufa osadziwa kumene kuli mdzukulu wanu, mtima wanga unafewa, n'kukupatsani keyala yathu.

Ndinapita kupolisi. Wapolisi woyamba anandifunsa ngati munthuyo wandimenya kuno. Ndinati ayi. Ngati wathyola chitseko. Ndinati ayi. Anaika cholembera pansi n'kunena kuti bambo kufunsa za mwana wake si mlandu. Mwayi wake m'chipinda china munali wapolisi wamkazi amene anamva. Anandiitana, kutseka chitseko, n'kumvetsera zonse osandidula. Anati khoti likhoza kupereka chikalata chomuletsa kutiyandikira, koma pafunika mboni, ndipo zimatenga masiku. Anandipatsa nambala yake.

Lachinayi ndinabwerera kukaphunzitsa. Mwina mudzati ndinapusa, koma mayeso ayandikira, ndipo ndinaganiza kuti pagulu n'potetezeka kuposa kukhala ndekha. Kanyerere ndinamusiya kuseri kwa saluni ndi mng'ono wake wa mayi uja, atakhoma. Tinkapitiriza phunziro lomwe lija. Ndinali nditatembenukira kubolodi pamene ndinamva nsapato pamasitepe, zikukwera mosafulumira, ndi kulira kwa makiyi. Kenako kakutsokomola kaja.

Ndinatembenuka. Anali ataima pakhomo, atalidzaza lonse, malaya osita bwino. Waonda pang'ono. Ankamwetulira.

"Pepani nonse, ndasokoneza maphunziro. Ndikufuna mkazi wanga pang'ono chabe." Kenako anayang'ana ine. "Mwana ali kuti?"

Amayi, chimene chinandiopsa kwambiri si iyeyo. Ndi miyendo yanga. Inayamba kuyenda yokha kupita kwa iye, monga inkachitira kale akandiitana, choko chikadali m'manja. Zaka zonsezi ndinkadziuza kuti ndinachira, koma thupi langa linali lisanamve. Mayi wa saluni ndi amene anandigwira pamkono ndikudutsa pa desiki lake, n'kundikhazika pamiyendo pake ngati mwana.

Amakaniko anaimirira, desiki n'kunyamuka nawo limodzi chifukwa mimba inali itakanirira. Palibe amene anaseka. Analivula n'kukaima pakati pa ine ndi khomo.

"Bambo, tili m'kalasi."

"Ndi nkhani ya m'banja, achimwene."

"Ndamva. Koma tili m'kalasi."

Atelala anaimirira nawonso. "Inu munandinamiza. Munati ndinu mlongo wawo. Munandichititsa chinthu choipa, ine munthu wamkulu."

Iye anangoyendetsa maso pa anthu onse, mmodzimmodzi, ngati akufuna kuwasunga nkhope. Alonda anali kale pafoni kumbuyo, akuimbira wapolisi wamkazi uja. Ndiye mkamwini wanu anasuzumira pambali pa phewa la amakaniko n'kundiuza mofatsa:

"Amayi ako akupereka moni. Akuti wakula tsopano, uleke zachibwana. Ndikudikira pansi."

Anatsika mmene anakwerera, mosafulumira. Ife tinatsala m'mwamba muja, khomo limodzi, mawindo azitsulo. Pawindo tinkamuona kutsidya kwa msewu, atatsamira khoma la okonza matayala, akuzungulitsa makiyi. Palibe wophunzira amene anachoka, ngakhale ena ali ndi ana aang'ono kunyumba. Mayi wa saluni anaimbira mng'ono wake kuti asatsegulire aliyense, ngakhale atanena kuti watumidwa ndi ine. Galimoto ya polisi itatulukira pakona, tinayang'ananso pakhoma paja, panalibe munthu.

Sabata yotsatira ophunzira anga anayi aja anasiya ntchito zawo n'kupita nane kukaperekera umboni. Aliyense anafunsidwa kuti anene ndendende zimene munthuyo anamufunsa kapena kunena. Amakaniko anayamba m'Chingerezi, atatukumula chifuwa, mpaka wolemba uja anawauza kuti angoyankhula chinenero chathu nthawi ikutha. Ndinaseka koyamba m'masiku onsewo, kenako kusekako kunasanduka kulira. Chikalata chinatuluka. Anakamupatsa kunyumba ya alendo kumene ankagona, ndipo akuti anasaina mwaulemu, n'kuwathokoza apolisiwo chifukwa chogwira ntchito yawo bwino.

Koma chikalata chimaletsa miyendo kuyandikira, maso sichiletsa. Lachisanu alonda anamuona pamalo okwerera basi. Dzulo mayi woyang'anira ana anamuona patali, ataima pansi pa mtengo. Ine ndikamva makiyi a munthu aliyense, ngakhale a mwini sitolo ya penti, ndimatembenuka msanga kuyang'ana pakhomo. Kanyerere wayamba kufunsa chifukwa chake sakupita kusukulu, ndipo dzana ndinamukalipira koopsa chifukwa chongosuzumira pawindo. Sindikufuna kuti akule akuopa mawindo.

Wapolisi wamkazi uja anandifunsa ngati alipo amene ankadziwa komwe ndili. Ndinati palibe. Anandiyang'anitsitsa mpaka ndinati alipo mmodzi, amayi anga. Sanalembe. Anangoti amayi ambiri amachita zotere poganiza kuti akukonza banja la mwana wawo.

Ndayesa kuganiza mmene zinachitikira. Mwina anabwera Loweruka lina atanyamula shuga ndi sopo, n'kukana mpando, kukhala pansi. Mwina anakukonzerani denga lodontha lija. Mwina analira, chifukwa kulira amatha, ine ndikudziwa. Anakupezani mukuluka, n'kufunsa kuti kajuzi kokongolaka n'ka ndani. Mwina anadzipereka kukakutumizirani phukusilo poona bondo lanu, kapena anangowerenga pamwamba pake inu mutapita kukatenga madzi akumwa. Mwinanso moni uja anangopeka kuti andipweteke. Zonsezi n'zotheka, ndipo ndazitembenuza mpaka mutu kuwawa.

Amayi, kodi munamuuza ndinu?

Yankho lililonse limene mungapereke, ine ndikhalabe mwana wanu. Ndikudziwa kuti inunso munapirira zambiri m'nyumba mwanu, ndipo mukamandiuza kuti ndipirire mumandipatsa chokhacho chimene inu munapatsidwa. Koma ndikufuna kudziwa, kuti ndisamakuganizireni zimene simunachite. Mukayankha, perekani kalatayo kwa achimwene aakulu, iwo adzaisunga mpaka nditawaimbira. Nawonso sindiwauza komwe ndili.

Mawa m'mawa tikunyamuka. Amakaniko atiperekeza ndi galimoto yawo mpaka pamene tikakwerere basi ina, kutali ndi kuno. Mwini sukulu walembera mnzake wina kuti akandiganizire ntchito, ndiye musade nkhawa kuti tikagona ndi njala. Katundu ndasiyira aneba, tikungotenga zikwama ziwiri. Chimene chikundiwawa ndi ophunzira anga, amene akalemba mayeso ine kulibe. Sindinatsanzike kalasi yonse, poopa kuti mawu angayende. Atelala apempha kuti kalatayi akaponye ndi iwo ife titachoka, akuti mwina mtima wawo ungapepukeko.

Ndili ndi zopempha zochepa. Musatumizenso phukusi ku keyala yakale ija. Zithunzi za mwana zimene zili pakhoma la pabalaza muzichotse, muziike m'sutikesi. Madzulo muzikhoma msanga, ndipo mng'ono wanga asamayende yekha pochokera kuntchito, chifukwa munthu uja akapeza kuti tachoka, koyamba kufika ndi kwanuko. Akabwera musakangane naye, musamulowetse m'nyumba. Adzakufunsani mofatsa, ndipo adzabwereza. Mudzangomuuza kuti simukudziwa komwe tili, ndipo ulendo uno mudzakhala mukunena zoona.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze zimene mungathe kuwauza. Moni kwa achimwene aakulu ndi alamu, kwa amalume, ndi kwa mng'ono wanga, amene ndikumupempha kuti akadzapeza mwamuna adzayambe wandionetsa. Kanyerere wagona pamiyendo panga pamene ndikulemba, nsapato zili kuphazi chifukwa ndamuuza kuti mawa tili ndi ulendo. Akuganiza kuti tikubwera kwanu. Wasankha kale nyimbo yoti adzakuimbireni pakhomo, ndipo ine sindinapeze mphamvu zomuuza kuti basi yathu ikulowera kwina.

Mutipempherere, amayi. Ine ndimakupemphererani tsiku lililonse, ngakhale masiku ano.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Make Kanyerere